Puloti Yaing'ono, Nyumba Yokwanira Banja: Kabuku ka Omanga mu Livingstone

Mawu oyamba

Kabuku aka ndi ka mabanja amene apeza puloti yaing'ono mumzinda wa Livingstone, kaya ku Dambwa, Libuyu, Linda, Maramba, Ngwenya kapena m'madera amene akudulidwa kumene, ndipo akufuna kumangapo nyumba yokhalamo eni ake. Langizo lake lalikulu n'lakuti musanajambule nyumba, muyambe mwajambula puloti yonse. Pamalo aakulu munthu akalakwitsa amangosendera pena. Pamalo aang'ono, chipinda chimodzi chikaikidwa polakwika chimatchinga mphepo, chimatseka njira ya galimoto yopopa chimbudzi, ndipo ana akakula pamasowa pomanga chipinda china. Bwalo, mthunzi, thanki ya madzi, poyanika zovala ndi pophikira panja, zonsezi ziyenera kupeza malo ake papepala tsiku lomwelo limene zipinda zikupeza malo.

1. Mapepala ayambe, simenti pambuyo

Malo onse m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, monga likunenera lamulo la malo la 1995. Munthu amapatsidwa malo a boma kwa zaka 99 kudzera kwa Commissioner of Lands, ndipo khonsolo ndiyo imathandiza kugawa. M'makomboni amene boma linawavomereza, anthu ambiri ali ndi chiphaso chokhalira pamalo cha zaka 30. Dziwani pepala limene muli nalo, ndipo ngati mukugula kwa munthu, kafufuzeni kukhonsolo ndi ku Unduna wa Malo ngati dzina lili pa pepalalo ndi la wogulitsayo. Ndi bwino kuti pa pepala la malo palembedwe mayina a bambo ndi mayi onse awiri.

Kenaka funani mabikoni anayi a puloti yanu. Musadalire mpanda wa aneba, chifukwa nawonso mwina anaumanga mongoyerekeza. Bikoni ikasowa, itanani woyeza malo wovomerezeka. Pa puloti yotalika mamita 24, kutaya theka la mita mbali imodzi n'kutaya masikweya mita 12, ndiye kuti chipinda chathunthu.

Lamulo la mapulani a mizinda ndi zigawo la 2015 limafuna kuti munthu atenge chilolezo asanamange. Mu Livingstone chilolezochi chimachokera ku Livingstone City Council. Musanalipire wojambula, pitani ku ofesi ya mapulani mukafunse zinthu zitatu: mtunda umene muyenera kusiya kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, gawo la puloti limene nyumba ingaphimbe, ndiponso ngati dera lanulo limalola kashopu kapena nyumba yam'mwamba. Manambala amenewa ndiwo malire enieni a pulani yanu. Pewani malo a pansi pa mawaya aakulu a ZESCO, a m'mphepete mwa njanji ndi a m'gombe la mtsinje wa Maramba, ngakhale atatchipa chotani.

2. Dziwani dothi lanu

Mbali yaikulu ya mzindawu ili pamchenga wa Kalahari. Madera ena otsika ali ndi dothi lakuda lamakande, ndipo kufupi ndi Zambezi kuli mwala wakuda wolimba. Mapuloti awiri oyandikana akhoza kusiyana, choncho kumbani dzenje lakuya mita imodzi pamene nyumba idzakhale, muone nokha.

Mukapeza mchenga, madzi amalowa pansi msanga, koma m'mbali mwa ngalande za maziko mumagumuka. Kumbani ndi kuthira konkire mosatalikitsa masiku, ndipo pansi pake muthire madzi n'kusinja mpaka palimbe. Mukapeza makande, amene amang'ambika m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, musayambe maziko popanda injiniya, chifukwa dothi limeneli ndilo limang'amba makoma. Mukapeza mwala, maziko sadzavuta, koma kukumba dzenje la chimbudzi kudzadya ndalama, ndiye muziwerengeretu.

Funsaninso aneba amene akhalitsa kuti madzi amvula amadzera kuti. Pansi pa nyumba pakwere masentimita 30 kuchokera pabwalo, ndipo bwalo lipendekere kungalande ya msewu, osati kukhoma la mnzanu.

3. Dzuwa ndilo lisankhe koyang'ana nyumba

Vuto lalikulu la nyumba mu Livingstone ndi kutentha. Mu Okutobala masana ambiri amapitirira madigiri 35, pamene mu Juni ndi Julayi usiku umatha kuzizira kutsika pa madigiri 10. Nyumba yabwino ikane dzuwa la Okutobala koma ilandire la Juni, ndipo izi n'zotheka popanda makina.

Mzindawu uli pafupifupi madigiri 18 kumwera kwa Equator. Mu Juni dzuwa la masana limapendekera kumpoto kwambiri. Mu Okutobala limadutsa pafupifupi paliwombo, ndipo kuyambira pakati pa Novembala mpaka kumapeto kwa Januwale limapendekera pang'ono kumwera. Tanthauzo lake kwa womanga ndi ili. Denga likatuluka kunja kwa khoma lakumpoto ndi masentimita 60, masana apakati pa Okutobala mthunzi wake umaphimba khoma lonse mpaka pansi. Masana a Juni mthunzi womwewo umangotsika masentimita pafupifupi 70, ndipo dzuwa limalowa pawindo n'kufunditsa chipinda. Choncho makoma aatali ndi mawindo aakulu ayang'ane kumpoto ndi kumwera.

Khoma loopsa ndi lakumadzulo. Dzuwa la 3 koloko masana limalimenya cham'mbali, denga silingalitchinge, ndipo buloko imasunga kutenthako n'kukutulutsira m'chipinda usiku. Ngati n'kotheka, kumadzulo kukhale khoma lalifupi, mawindo aang'ono, khonde kapena mtengo wamthunzi. Ngati puloti yanu yatalikira kumpoto ndi kumwera moti khoma lalitali silingapewe kumadzulo, mbali imeneyo ikani bafa, chimbudzi ndi sitolo, zipinda zogona zipite kum'mawa.

M'chilimwe mphepo imakonda kuchokera kum'mawa ndi kumwera chakum'mawa. Mphepo imalowa pokhapokha ikapeza potulukira. Chipinda chilichonse chikhale ndi potsegula pawiri: mawindo pamakoma awiri, kapena windo ndi kampata kamphepo pamwamba pa chitseko. Nyumba isapitirire zipinda ziwiri m'lifupi mwake.

Omanga akale a mzinda uno anazidziwa zimenezi. Azungu oyamba anakhala ku Old Drift m'mphepete mwa Zambezi, kumene malungo anapha ambiri, mpaka tauni inasamukira pamtunda wamchenga nthawi imene mlatho wa pa Mosi-oa-Tunya unamalizidwa mu 1905. Livingstone anakhala likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, ndipo nyumba zambiri za nthawi imeneyo zikadalipo m'tauni. Mukaziyang'ana mudzaona makonde otakasuka otchingidwa ndi waya wa udzudzu, siling'i yapamwamba ndi denga lotuluka kunja kwambiri. Pa puloti yaing'ono simungazunguze khonde nyumba yonse, koma zinthu zitatuzi mungazitenge: mthunzi pakhoma, mpweya pamwamba, ndi waya wa udzudzu pawindo lililonse.

4. Chitsanzo cha kagawidwe ka puloti

Titenge puloti ya mamita 12 m'lifupi ndi 24 m'litali, yomwe ndi masikweya mita 288, ndipo msewu uli kum'mawa. Manambala a mitunda ali m'munsiwa ndi ongophunzirirapo. Inu mudzatsata amene khonsolo yakupatsani.

Ambiri amafuna nyumba yodzaza m'lifupi monse, n'kusiya timipata tiwiri tamdima m'mbali momwe mumangounjikana zinyalala. Njira yabwino ndi kumanga nyumba yopapatiza ya mamita 7 ndi 12, n'kuisendezera mbali imodzi:

- Kutsogolo siyani mamita 5, poimika galimoto, mita ya madzi ndi kamtengo kamthunzi.
- Kumwera siyani mita 1.5, modutsa mapaipi a madzi oipa.
- Kumpoto kutsala mamita 3.5. Uwu ndi mpata weniweni: ngolo ya mchenga ingadutse, paipi ya galimoto yopopa ingafike kumbuyo, ndipo mu Juni agogo angaothere dzuwa pomwepo.
- Kumbuyo kutsala mamita 7 ndi 12, masikweya mita 84, kukula kofanana ndi nyumbayo.

Nyumba yotereyi imaphimba malo osakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a puloti. Bwalo lakumbuyolo musalione ngati malo otsala. Ndi pamene amayi amaphikira pambaula, pochapa ndi kuyanika, posewera ana, pokhala anthu pakagwa maliro kapena chinkhoswe. Banja la mu Livingstone limakhala panja nthawi yaitali m'miyezi yotentha, choncho khonde lakumbuyo lofoleredwa, la mamita 2.5 m'lifupi, lidzagwira ntchito kuposa chipinda chodyera chimene chimatsegulidwa pa Khirisimasi pokha. M'chitsanzo chathu khondeli lili kumadzulo, ndiye likutchinganso khoma ku dzuwa lamadzulo.

5. Zipinda

M'nyumba ya masikweya mita 84, makoma amadya pafupifupi 11. Otsalawo mungawagawe motere: pabalaza ndi podyera pamodzi 20, chipinda cha makolo 12, cha anyamata 10, cha atsikana 10, khitchini 8, bafa ndi chimbudzi 5, kanjira ka pakati 5, sitolo 3.

Pogawa kumbukirani izi:

- Kanjira ka m'nyumba kafupike. Mita iliyonse ya kanjira mumailipirira maziko, pansi ndi malata, koma palibe amene amagonapo.
- Bafa ndi chimbudzi zikhale ndi zitseko zosiyana. M'mawa ana akamakonzekera sukulu mudzaona phindu lake.
- Chitseko cha chimbudzi chisayang'ane pabalaza, ndipo chisayandikane ndi cha chipinda cha makolo. Apongozi akabwera kudzacheza azitha kupita kuchimbudzi mosachita manyazi.
- Khitchini ikhale ndi chitseko chotulukira pakhonde lakumbuyo, kuti mphika uchoke pambaula n'kufika patebulo osadutsa pakati pa alendo.
- Jambulani bedi, kabati ndi tebulo pa pulaniyo ndi miyezo yake. Chipinda cha mamita 3 ndi 3.3 chimalowa mabedi awiri aang'ono ngati chitseko chili pakona, koma chikakhala pakati pa khoma bedi limodzi limasowa malo.
- Ganizirani ukalamba ndi matenda. Khomo limodzi likhale lopanda masitepe, ndipo chitseko chake ndi cha bafa zikhale za masentimita 90, kuti njinga ya olumala ilowe.

Popeza mzinda uno umalandira alendo ambiri ndi anthu obwera kudzagwira ntchito, mabanja ena amafuna chipinda cha lendi kapena kashopu. Ngati maganizowo alipo, alowe mu pulani lero, ndi khomo lakelake ndi chimbudzi chake, ndipo khonsolo ivomereze. Chipinda cha lendi chongophatika pambuyo pake nthawi zambiri chimatseka windo la chipinda cha ana.

6. Madzi ndi chimbudzi

Khitchini, bafa, chimbudzi ndi pochapira zikhale mbali imodzi, zogundana makoma. Mapaipi amafupika, ndalama zimachepa, ndipo pakadontha simuswa nyumba yonse.

Madzi a m'mipopi ndi mapaipi a zonyansa mu Livingstone amayang'aniridwa ndi kampani ya SWASCO. Funsani ngati paipi ya zonyansa imadutsa mumsewu wanu ndiponso kuya kwake, chifukwa zimenezi ndizo zinganene pamene chimbudzi chikhale ndi kukwera kwa pansi pa nyumba. Ngati siidutsa, mufunika septiki thanki ndi dzenje lomwetsa madzi. Ziikeni mamita osachepera 3 kuchokera ku maziko, pamalo pamene galimoto yopopa ingafikitse paipi, ndipo pamwamba pake pasadzamangidwe kanthu. Ngati mukuyamba ndi chimbudzi chokumba, mumchenga muyenera kuwaka dzenjelo ndi mabuloko kuchokera pansi, apo ayi lidzagumuka ndi mvula yoyamba.

A zaumoyo amalangiza kuti chitsime chitalikirane ndi chimbudzi kapena septiki thanki ndi mamita osachepera 30. Puloti ya mamita 24 singakwanitse mtunda umenewu, ndipo aneba anu mbali zonse ali ndi maenje awo. Choncho pa puloti yaing'ono musakumbe chitsime chamadzi akumwa. Ofuna mjigo adziwe kuti bungwe la WARMA ndilo limayang'anira zokumba mijigo, ndipo pafunika kudzera kumeneko.

M'malo mwake sungani madzi. Ikani thanki pansanja yolimba pakona ya bwalo, kuti mpopi ukauma m'nyumba musasowe madzi. Mvula ya mu Livingstone ndi yochepa, pafupifupi mamilimita 700 pachaka, ndipo yambiri imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi. Komabe denga la masikweya mita 80 lingatunge malita pafupifupi 56,000 m'chaka chamvula yabwino. Ngakhale mutangosunga pang'ono, madziwo ndi okwanira kuchapira ndi kuthirira ndiwo. Thanki iliyonse ikhale yovundikira kuti udzudzu usaswanemo.

7. Maziko, makoma ndi denga

Musanathire silabu, thirani mankhwala a chiswe ndi kuyala pulasitiki yotchinga chinyezi. Mchenga wosalala wa pa puloti si wabwino pa konkire. Gulani mchenga wokhakhala wa kumtsinje ndi miyala yoswa. Muyezo umene amisiri ambiri amatsata ndi simenti 1, mchenga 3, miyala 6 pa maziko, ndi 1, 2, 4 pa mabimu ndi zipilala, pokhapokha injiniya atalemba zina. Chifukwa cha kutentha, thirani konkire m'mamawa, muphimbe, ndipo muzithirira madzi masiku 7. Konkire youma msanga imaoneka bwino pamwamba koma mkati ndi yofooka.

Powerenga mabuloko, sikweya mita imodzi ya khoma imadya mabuloko pafupifupi 12 ndi theka. Yesani buloko musanagule lole yathunthu: ikamafumbutuka m'mbali mukaikanda ndi msomali, simenti inachepa. Pamwamba pa mawindo pazungulire bimu ya konkire yokhala ndi zitsulo, yomanga makoma onse pamodzi.

Denga likhale losavuta, la mbali ziwiri. Denga la makona ambiri limadula malata ambiri, limadontha m'mipata yokumanira, ndipo limavuta kuwonjezera. Sankhani malata owala kapena a utoto woyera, yalani pepala lonyezimira lotchinga kutentha pansi pake, ikani siling'i pa mamita 2.7 kapena 3, ndipo kumapeto onse awiri a denga siyani timawindo ta mpweya totchinga ndi waya kuti kutentha kwa m'denga kuzituluka. Mitengo ya denga ipakidwe mankhwala a chiswe ndipo imangiriridwe ku bimu ndi waya wolimba, chifukwa mvula yoyamba imabwera ndi mphepo yosasula madenga.

8. Nyumba yokhalika magetsi atazima

Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chinali tsoka la dziko lonse. Madzi a m'damu la Kariba, lopangira magetsi, anatsika kwambiri, ndipo chaka chimenecho mabanja anakhala maola ambiri patsiku opanda magetsi. Phunziro lake kwa womanga n'lakuti nyumba isadalire fani ndi babu kuti ikhalike. Chipinda chilichonse, ngakhale chimbudzi, chikhale ndi windo lotulukira panja.

Nyumba ikatalikira kum'mawa ndi kumadzulo, mbali imodzi ya denga imayang'ana kumpoto, ndipo kumeneko ndiko kumayenera sola. Denga lopendekeka madigiri 15 mpaka 20 limakwanira bwino. Ngakhale ndalama ya sola palibe lero, siyani paipi yodutsa mawaya ndi kakona kopita mpweya koika batire. Mbaula ikhale ndi malo ake pakhonde. Musailowetse m'chipinda chotseka usiku wozizira wa Juni, chifukwa mpweya wa makala sununkha koma umapha anthu ali m'tulo.

9. Kumanga m'zigawo

Mabanja ambiri samaliza nyumba chaka chimodzi, ndipo palibe cholakwika: pang'onopang'ono ndi mtolo. Chofunika n'chakuti pulani yovomerezedwa ikhale ya nyumba yonse. M'chitsanzo chathu, chigawo choyamba chingakhale pabalaza, khitchini, bafa, chimbudzi ndi chipinda chimodzi. Pamene padzakhale zitseko za zipinda zam'tsogolo ikiranitu bimu n'kutseka ndi mabuloko osavuta kuchotsa. Denga la mbali ziwiri limangopitirizidwa.

Ngati mukulingalira zodzamanga m'mwamba, nenani lero. Maziko, zipilala ndi malo a masitepe ziyenera kuwerengedwa ndi injiniya kuyambira pachiyambi. Kusanjika nyumba pa maziko amene anakonzedwera nyumba yapansi n'kuika moyo wa banja pachiswe. Akatswiri ojambula nyumba amalembetsa ku Zambia Institute of Architects, mainjiniya ku Engineering Institution of Zambia, ndipo makontirakitala ku National Council for Construction. Musaope kupempha kuona chiphaso. Mmisiri mumulipire pa ntchito imene yatha, chigawo ndi chigawo, ndipo mgwirizano ulembedwe. Oyendera a khonsolo aitanidwe kudzaona ngalande za maziko konkire isanathiridwe.

10. Mpanda ndi mitengo

Mpanda wautali wa mabuloko okhaokha umatchinga mphepo imene mwaivutikira. Wakani gawo lapansi lolimba, pamwamba muike mabuloko obowola kapena zitsulo, makamaka kum'mawa. Pansi pa mpanda siyani timabowo totulutsira madzi kumsewu. Zitsulo za m'mawindo zikhale ndi windo limodzi lotseguka kuchipinda chogona, kuti moto ukabuka pakhale pothawira.

Mtengo wa mango umakula kwambiri, ndipo mizu yake imafika ku maziko ndi ku septiki thanki. Pa puloti yaing'ono pamayenera mapapaya, mandimu ndi cham'mwamba. Mtengo umodzi wamthunzi ubzalidwe kumadzulo, mamita osachepera 4 kuchokera ku khoma. Okhala m'madera oyandikana ndi paki ya Mosi-oa-Tunya akumbukire kuti njovu zimalowa m'makomboni kufuna zipatso ndi ndiwo zam'dimba, ndipo mpanda wamba suziletsa. Kumeneko mitengo yazipatso isayandikire zipinda zogona, chimbudzi chikhale cham'nyumba kuti ana asamatuluke usiku, ndipo njovu zikaoneka dziwitsani a Department of National Parks and Wildlife.

11. Yesani pulani pansi musanasaine

Wojambula akakupatsani pulani yoyamba, musathamangire nayo kukhonsolo. Tengani zikhomo, chingwe, tepi yoyezera ndi phulusa, mupite pa puloti ndi banja lonse cha m'ma 3 koloko masana. Khomani zikhomo m'makona a nyumba, kokani chingwe, ndipo lembani chipinda chilichonse pansi ndi phulusa. Lembaninso septiki thanki, nsanja ya thanki ya madzi, chingwe choyanikira ndi geti. Kenaka yendanimo mukudzifunsa:

- Kodi dzuwa likumenya khoma la chipinda cha ndani, ndipo chidzalitchinga n'chiyani?
- Kodi mphepo ikalowa pawindo ili itulukira pati?
- Kodi amayi akachoka pambaula ndi mphika wa nsima adutsa zitseko zingati?
- Kodi galimoto yopopa ikaima pageti paipi yake ifika?
- Kodi madzi a padenga agwera pati, ndipo atuluka bwanji osalowa kwa aneba?
- Kodi zipinda zam'tsogolo zikamangidwa pali windo limene lidzatsekeke?

Funso lililonse limene lasowa yankho, libwezeni kwa wojambula akonze. Mayankho onse akapezeka, sainani pulaniyo, kaperekeni kukhonsolo, ndipo dikirani chilolezo musanakumbe ngalande yoyamba.